Magawo Anayi Amene Kinsley Sanamasulire

Lachinayi, 19 Juni 2025

Kwazizira. Majuzi awiri mpaka 10 koloko. Nachesi zotsala mumtengo wa kuseri: 143. Dzulo zinali 151, ndipo ine sindinathyole.

Nkhani ya lero ndi ya a Rozina. Mwana wawo Iness, wokhala ku Tete uja, waimba foni m'mawa kuti adzawatenga Loweruka la sabata ya mawa, pa 28. Osati kukacheza ayi, kukakhala. Maso awo afika poipa: dzana anathira mchere mu tiyi, sabata yatha anapsa chala pa mbaula. Iness akuchita bwino, sindingamutsutse.

A Rozina andiuza ali chiimire pakhomo panga, ngati akunena kuti kunja kuli mitambo. Ine ndati, "Chabwino." Liwu limodzi. Zaka 38 makomo athu akuyang'anizana, mapazi 64 kuchoka panga kufika pawo, ndipo zimene ndinapeza m'kamwa ndi "chabwino". Ndaphunzitsa zaka 36, mawu sanandisowepo pamaso pa ana 90. Pamaso pa munthu mmodziyu ndimauma pakamwa.

Kenako iwo: "Nanga filimu yathu, aphunzitsi? Ndipite osadziwa mathero?"

Ndatenga pensulo. Filimu yathu ndi ya ku Philippines ija imene Kinsley wa pamsika anaimasulira m'Chichewa n'kuitcha Mpongozi Wachitatu. Ili ndi magawo 60. Timaonera gawo limodzi tsiku lililonse 3 koloko, kupatula Lamulungu, pa tivi imene mwana wanga Sarah ananditumizira kuchokera ku Lilongwe. Tinayamba pa 21 Epulo, sitinaphonyepo, ngakhale magetsi atathima batire ya sola imatipirira. Lero linali gawo 52. Atsala 8. Masiku otsala, kuchotsa Lamulungu ndi tsiku la ulendo: 7. Sizikukwana.

Ndati tiziona awiri patsiku limodzi. Akana. "Awiri? Mtima ndili nawo umodzi." Ndiye tagwirizana kuti Lamulungu lino tionera tikabwera ku tchalitchi. 8 ndi 8. Gawo lomaliza ligwera Lachisanu, pa 27.

Lachisanu, 20 Juni

Gawo 53. A Rozina ayankhula ndi tivi ka 17.

Amakhala pafupi kwambiri, mpando utatsala pang'ono kugunda kabati. Nkhope saziona. Amaona mitundu basi: chofiira chikadutsa amadziwa kuti ndi Jane, mtsikana wa m'filimumo, chakuda ndi Masauko, mnyamata amene wakhala akumufuna kuyambira gawo 2 osamupeza. Zina zonse amamva ndi makutu. Mayinawa anawapatsa ndi Kinsley, ndipo mawu onse amayankhula yekha, a amuna ndi a akazi omwe, ngakhale a galu.

Koma amene timakhalira pansi si achinyamatawo. Ndi amayi awiri okalamba: Adona, eni nyumba yaikulu, owuma khosi, ndi Nachisale, wophika wawo wa zaka zambiri, wapakamwa ngati tsabola. Lero Nachisale waika tiyi patebulo n'kunena kuti, "Adona, nkhope yanu lero ili ngati nachesi ya mu Ogasiti." A Rozina aseka mpaka kutsokomola, ndachita kuwapatsa madzi. "Ameneyo ndine," atero. "Adonawo ndinu, aphunzitsi. Mwameza rula nonse awiri."

Ndinayesa kuumitsa nkhope. Koma ndinaseka, iwo anamva.

Kanyimbo koyambira filimu a Rozina amakaimba ndi mawu awoawo a Chinyungwe, chilankhulo cha kwawo ku Tete kumene anathawa nkhondo, tsiku lililonse osiyana. Lero kamanena za nkhuku ya aneba. Ine kamandiliza kanyimbo kameneka, osamva liwu ndi limodzi lomwe la eni ake. Zaka zonse zija ndinkauza ana kuti mafilimu ndi otaya nthawi, ndipo ndinkalemba mayina a amene ndawapeza ku vidiyo. Pano ndili ndi zaka 74, ndikafika 2 koloko ndimayamba kuyang'ana wotchi.

Atapita, ndaika fulashi, kachipangizo kosungira filimuyi, mu tivi kuti ndiwerenge magawo, kungotsimikiza. 53, 54, 55, 56. Basi. Ndawerenganso kawiri. 57 mpaka 60 mulibe. Nditatenga fulashiyi mu Epulo, Kinsley anati otsalawo ndidzatenge akamaliza, ine n'kuiwala. Ine! Mawa ku boma.

Loweruka, 21 Juni

Kuyenda mphindi 26 kufika pamsika. Ndawerenga masipika 9 akulira nthawi imodzi mumzere wa mashopu, iliyonse nyimbo yake: ziwiri za uzimu, zitatu za anyamata a ku Blantyre zothamanga mawu, imodzi ya Chipwitikizi yochokera m'thiraki yoima pambali, zinazo sindinazizindikire. Kale ndikanatseka makutu. Lero ndinapeza phazi langa likutsata ya m'thirakiyo.

Kinsley ndinamuphunzitsa Sitandade 8 mu 2006. Pa Chingerezi anali nambala 47 mwa ana 63. Pano ndi bambo wa ana atatu, ali ndi kashopu koika nyimbo m'mafoni, ndipo kuseri kwa katani ndi kumene amamasulira mafilimu. Boma lonse limadziwa mawu ake kuposa a abusa.

Ndamupeza atakulunga mpango m'khosi. Waimirira, wandipatsa mpando, watsegula pakamwa, kwangotuluka mphepo. Watenga katoni yong'ambika n'kulemba: "Madamu mawu apita. Ndinali MC pa ukwati kwa Nthache, maola 7 pamphepo. Kuchipatala ati ndisayankhule masabata awiri."

Ndati, "Kinsley, masabata awiri ndilibe. A Rozina akupita pa 28."

Walemba: "Pepani. Magawo alipo koma osamasulira." Wawatsegula pa kompyuta kuti ndione. Anthu athu omwe aja, Adona, Nachisale, akuyankhula chilankhulo chawo, ndipo m'munsi mukudutsa mawu olembedwa m'Chingerezi. Mawu amenewa sindinawaonepo chiyambire, chifukwa pamalo pomwepo Kinsley amaikapo kamzere kofiira kokhala ndi dzina la shopu ndi nambala yake ya foni.

Ndati, "Chingerezi ndimachidziwa. Pakamwa ndili napo. Iwe uzigwira makinawo."

Wandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako mapewa ayamba kugwedezeka, misozi mbwee, kuseka kopanda mawu. Walemba: "Madamu muyankhula za Nachisale???" Zizindikiro za funso zitatu. Ndamuuza kuti chimodzi chimakwana.

Tagwirizana Lolemba 8 koloko.

Gw. 54 masana. A Rozina ka 21. Sindinawauze kanthu.

Lamulungu, 22 Juni

Gw. 55, pa Sabata, tikadali mu zovala za ku tchalitchi. Denga silinagwe.

Lolemba, 23 Juni

Ndilembe mwadongosolo, chifukwa mutu ukuzungulira.

Choyamba, malo. Kuseri kwa katani kuli kachipinda kokwana anthu awiri owonda. Mabulangete awiri pakhoma otsekereza phokoso la msika. Maikolofoni yovekedwa sokosi. Zomvera m'makutu zomata ndi selotepi. Kinsley amaika chala pa batani limodzi: womasulira akamayankhula amatsitsa mawu a filimu, akasiya amakweza.

Chachiwiri. Ndati ndiyambe ndaona gawo 57 lonse ndikuwerenga Chingerezicho, kuti ndikonzekere. Pa mphindi yachitatu Jane walowa m'chipinda, wayang'ana Masauko, ndipo m'munsi mwalembedwa kuti akumutcha mchimwene wake. Ndayesa ndawerenga molakwa. Pa mphindi ya 9, kachiwiri. Ndauza Kinsley atsegule gawo 2 losamasulira. Gawo 10. Gawo 31, lija tinalira tonse awiri Masauko atagwira dzanja la Jane pachipatala. Mchimwene ndi mlongo wake! Bere limodzi! Miyezi iwiri takhala tikupempherera ukwati wa anthu apachibale.

Si zokhazo. Nachisale weniweni sanatukwanepo munthu. Amangoti "Inde, adona", "Tiyi wapsa, adona". Za nachesi ya mu Ogasiti zija, m'munsi munalembedwa kuti kunja kungagwe mvula. Ndatenga kope n'kuyamba mndandanda. Pofika 10 koloko mabodza akuluakulu anali 23, ndipo ndinangoona magawo asanu ndi limodzi.

Ndati, "Kinsley, ukudziwa kuti wanamiza boma lonse?"

Wayesa kunong'ona, ndachita kuyandikitsa khutu. "Madamu, mawu ajawa amathamanga ngati thiraki yopanda katundu. Ine ndimawerenga nkhope." Za Jane ndi Masauko akuti anazindikira ali pa gawo 19, koma anthu anali atawakonda kale. "Ndikanatani? Ndimangoti ndiona kutsogolo."

Kenako walemba pa katoni: "Magawo 55. Munagonapo?"

Sitinagonepo. Koma sindinamupatse yankho limenelo.

Chachitatu. Ndamasulira gawo 57 liwu ndi liwu, masamba 11 a kope, ndipo ndaliwerenga pa maikolofoni momveka bwino, mopuma pamene pali mpumiro. Ola limodzi ndi mphindi 50. Kinsley anagwira mutu ndi manja onse awiri, kusiya chala chimodzi cha pa batani. Ndamuuza kuti munthu amene akupita ayenera kupita ndi choona.

Masana gw. 56, lomaliza la mawu a Kinsley. Ndimaonera ndikudziwa zonse, koma Nachisale atauza Adona kuti akuyenda ngati bakha wa ku Neno, ndinaseka ndisanakumbukire kuti ndi bodza.

Lachiwiri, 24 Juni

Zakanika.

Kanyimbo katatha, mawu anga anatuluka mu tivi. A Rozina anatembenuka kuyang'ana kumene ndakhala, n'kuyang'ananso ku tivi. "Aphunzitsi, mwalowa bwanji m'menemo muli pano?" Ndafotokoza za khosi la Kinsley. Aomba m'manja, akondwa, ati lero tiona. Ine mtima m'malo.

Mphindi 5, chete. Mphindi 8, chete. A Rozina osayankhula ndi tivi ngakhale kamodzi. Ndimamva mawu anga akuti, "Inde, adona. Ndikubweretsa tsopano, adona," ngati ndikuwerenga mayina m'kalasi. Jane atanena kuti "achimwene" kachiwiri, afunsa, "Achimwene ake ati?" Ndaimitsa filimu n'kuwauza zonse. Mndandanda ndinali nawo m'thumba, ndawawerengera mpaka nambala 6.

"Zimitsani," atero. Pa mphindi ya 14. Koyamba chiyambire kusiya gawo panjira.

Akhala kanthawi akupotokola nsonga ya chitenje. Kenako: "Mukuyesa sindimadziwa kuti mwana uja amanama? Anthu a kutsidya kwa nyanja angaidziwe bwanji nachesi ya kuno? Bakha wa ku Neno anamuona kuti? Maso ndi amene afa, aphunzitsi, mutu ulipo." Za chibale cha ana awiriwo akuti samadziwa, ndipo zawapweteka. Koma chachikulu ndi china. "Mwandiphera Nachisale. Amene ali m'menemoyo ndi wantchito chabe. Ine ndipite ku Tete nditasiya Nachisale akuti inde adona?"

Ndawaperekeza mpaka pakhomo pawo. Pa sitepe ati, "Zimene ndamva lerozi ndaiwala kale. Ndine nkhalamba, ndimaiwala msanga. Mukayambirenso."

Atsala magawo 4, masiku 3.

Lachitatu, 25 Juni

Ndadzuka 5 koloko ndi nzeru. Za Nachisale sindingapeke, mutu wanga sunapangidwe choncho. Koma sindikusowa kupeka. Ndatsitsa katoni ya mabuku anga awa olembamo za tsiku ndi tsiku, onse 29, n'kuyamba kufufuza paliponse pamene ndinalemba kuti "a Rozina ati". Pofika 7 koloko ndinali nditatola 40. Zaka zonsezi ndimalemba zonditukwana zawo ndi madeti omwe, osadziwa kuti ndikusungira chiyani.

Kwa Kinsley ndafika 8 isanakwane. Ndati, "Ndinalakwa. Ndiphunzitse." Wayang'ana kumwamba, wakweza manja ngati wolandira mdalitso. Malamulo ake walemba atatu: osawerenga, yang'anani pakamwa. Akakwiya, kwiyani. Mukaseka musaime.

Vuto la Jane ndi Masauko ndalithetsa ine, ndipo ndikunyada. Koyambirira kwa gawo 57 Masauko amatsegula kalata n'kuiwerenga nkhope ili gwa, masekondi 48. Kalata yeniyeniyo ndi ya ku ofesi ya madzi, yonena kuti mapaipi akonzedwa Lachinayi. Ine ndaisandutsa kalata imene mayi ake analemba asanamwalire: "Mwana wanga, mtsikana amene ukumufunayo ndinabereka ndine. Ndikhululukire." Kinsley waikapo kanyimbo ka gitala kolira. Jane akulowa, akuti "achimwene", akukumbatirana. Zonse zagwirizana ngati masamu! Kinsley walemba pa katoni 10/10, n'kuchonga ndi cholembera chofiira. Mwano. Katoniyo ndabwera nayo kunyumba.

Tajambula 57 ndi 58, maola anayi. Ndinaseka pa maikolofoni kasanu, sitinafute.

3 koloko. A Rozina avomera awiri lero, ati mtima aubwereka wina. Pa kalata alira, ati, "Ndimadziwa ine kuti mayi uja anali ndi chinsinsi." Kenako Nachisale walowa ndi thireyi, Adona akuwerenga masupuni m'kabati, ndipo mawu anga, okwera, opyapyala, amene sindimadziwa kuti ndili nawo, akuti: "Adona, inu tsiku la maliro anu mudzadzuka m'bokosi kuti muwerenge anthu obwera."

A Rozina akuwa. "Amenewo ndi mawu anga! Ndinanena ine amenewo!"

"Pa 3 Okutobala 2009," ndatero.

"Wakuba! Aphunzitsi akuba!" Agwa chammbali pampando, mpango wa kumutu wagwa, akumenya bondo langa. Lililonse likatuluka amalizindikira lisanathe n'kulimaliza okha. La kuyeza mchere ndi rula. La kuti ndimapereka moni ngati ndikupereka mayeso. Ndagwiritsa 13, atsala 27.

Ayankhula ndi tivi ka 44. Sizinachitikepo.

Lachinayi, 26 Juni

Iness wafika 11 koloko. Wanenepa, zikumukhala. Wandigwadira pakhomo, "Amayi a Sarah, mwatisungira mayi," ine n'kumufunsa za msewu. Kulongedza kwayamba: zikwama 5, matumba 3, mtondo umene a Rozina akana kuusiya ngakhale Iness akuti ku Tete kuli chigayo pakhomo.

Gw. 59 ndi la ukwati. Jane akukwatiwa ndi dokotala wina wa m'filimumo, Masauko akumuperekeza monga mchimwene. Mbiri yamveka kuti aphunzitsi alowa mu tivi, ndiye pabalaza panga panali anthu 12, ena pansi, awiri pawindo. Kinsley anachotsa nyimbo ya azungu ya pa ukwatiwo n'kuikapo yathu ya ng'oma ndi malipenga, imene imalira pa ukwati uliwonse chaka chino, ndipo m'mawa anandikakamiza kuimba nthungululu pa maikolofoni. Ndinakana kawiri. Kachitatu ndinaimba, mpaka wogulitsa mazira wa pashopu yoyandikana anasuzumira pa katani.

Itamveka mu tivi nthungululuyo, amayi onse pabalaza anailandira. A Rozina anaimirira, chitenje m'chiuno, kuvina pakati pa mipando, Iness akuchotsa tebulo kuti asagunde. Anandikoka. Ndinavina. Komaliza kuvina panali pa ukwati wa Sarah, a Stafford amuna anga akadali moyo, ndipo anandiponda kanayi. Lero amene andiponda ndi a Rozina, kasanu ndi kamodzi, akuti dala.

Chimene sindinauze munthu: m'mawa titamaliza 59 ndinapempha kuona 60. Mwana wa Nachisale amabwera kudzamutenga kupita naye kwawo kumudzi. Kothera kwenikweni, amayi awiriwo aima pageti, chikwama chili pansi. Adona amayang'ana Nachisale masekondi 20 osanena kanthu. Kenako m'munsi mumalembedwa mawu oti "Uyende bwino." Galimoto imanyamuka. Mayina amayamba kukwera.

Kinsley anandiyang'ana. Ine ndinati ndachedwa kunyumba.

Lachisanu, 27 Juni

M'mawa. Gawo lonse linayenda bwino mpaka pageti. Ndinali nditakonza mawu okwana masekondi 20, ndinawayeza ndi wotchi katatu: kuti Adona athokoze Nachisale chifukwa cha ntchito yabwino, amufunire ulendo wabwino. Chithunzi chitafika, Kinsley anatsitsa mawu a filimu, ine ndinayang'ana nkhope ya mayi wowuma khosi uja, milomo ikunjenjemera osatseguka, ndipo kapepala sindinakaonenso.

Sindikumbuka zonse. Zimene ndinamva masana ndi izi, ndilembe zisanathawe:

"Nachisale, iwe unabwera pakhomo pano chaka cha nkhondo, mwana kumsana, kudzapempha moto. Ndinakupatsa moto, koma mpando sindinakupatse. Ndakhala ndikuganiza za mpando umenewo. Amuna anga atamwalira, anthu onse atabalalika, iwe unabwera ndi mphasa yako n'kugona pakhomo la chipinda changa masiku 40. Sunandifunse. Unkaphika, ine osadya, iwe n'kumanditukwana mpaka ndidye. Sindinanene zikomo. Ndimaopa kuti ndikanena zikomo ndiye kuti tatsazikana. Ndine wamantha, Nachisale, si rula imene ndinameza, ndi mantha. Ndilibe mchemwali wobadwa naye, koma sindinasowepo mchemwali. Pita, maso ako akufuna mwana wako. Koma udziwe kuti ikamakwana 3 koloko, kuno kuli nkhalamba ina imene izikhala itakoka mpando wachiwiri."

Panali zinanso. Nditasiya, ndinaona kuti pa kompyuta palibe chithunzi. Galimoto inapita kale, mayina anakwera n'kutha, pangotsala mdima. Kinsley anali ataika chala pa batani nthawi yonseyo, nkhope atatembenuzira ku bulangete. Ndinapitirira ndi mphindi 3 ndi masekondi 10. Ndinati adule. Anapukusa mutu. Ndinati, "Kinsley, ndine mphunzitsi wako, dula." Ananong'ona, "Muno mphunzitsi ndine, Madamu."

Masana ndinauza aneba kuti lero ndi la atatu okha: a Rozina, Iness, ine. A Rozina anaseka gawo lonse, Nachisale akulongedza mapoto a Adona n'kumati ndi ake. Pageti anakhala chete. Tivi itada mawu anga akupitirira, Iness ananditembenukira, pakamwa patatseguka kuti anene kuti filimu yatha. Ndinaika chala pamlomo. Mayi ake anali atasendera kutsogolo, nkhope pafupi ndi galasi lakuda lija, akumvetsera.

Mawu atatha panangomveka nkhuku panja. Ine ndimayang'ana kalendala.

"Hmm," a Rozina anatero. Anapukuta kumaso ndi chitenje, mbali iyi, mbali iyo. "Adona amenewa. Magawo 59 ali duu, lero ndiye atsegula mpopi." Anafufuza ndi dzanja mpaka anapeza mkono wanga, n'kuugwira zolimba, mpaka pano pali chizindikiro. "Mpando munandipatsa, aphunzitsi. Tsiku lachiwiri. Unali wothyoka mwendo, ndinagwa nawo."

Zoona. Ndinali nditaiwala, ndipo m'mabuku mulibe. Tinaseka mpaka Iness anayamba kutiopa.

Kenako iwo: "Iness, galimoto ya mawa ili ndi malo angati?"

"Anayi, amayi. Koma katundu..."

"Mtondo utsale. Aphunzitsi akutiperekeza mpaka ku Zobue, tsidya la malire. Amuna ako akatipeza kumeneko, aphunzitsi abwerera madzulo."

Ndinati ndilibe pasipoti. Iness anati chiphaso cha tsiku limodzi amapereka pachipata pomwepo, ndingotenga chitupa cha unzika. Ndinati nyumba itsala yokha. A Rozina anati nachesi zanga akuba aziwerenga okha.

Loweruka, 28 Juni

Ndikulemba pabondo, m'galimoto, pachipata cha malire. Iness walowanso mu ofesi ndi mapepala a katundu. Chiphaso changa adinda kale, chili m'Baibulo. Ndakhala m'boma lino kuyambira 1979, chipatachi ndimachiona chapatali pokwera minibasi, sindinadutsepo.

Kinsley anabwera m'mawa pa njinga yamoto ndi fulashi yachiwiri, magawo onse 60, ya a Rozina. Mawu ayamba kubwerera, akumveka ngati chule. Akuti ali ndi filimu ina ya magawo 80 yokhala ndi agogo aakazi awiri, ndipo khosi lake silingathe onse. Ndati ndiganiza. A Rozina ati, "Avomera. Muzinditumizira pa foni ya Iness, limodzi patsiku."

Mathiraki pamzere: 31. Osintha ndalama atizungulira kawiri. Wailesi ya dalaivala ikuimba ya Chipwitikizi, a Rozina akuyankha mawu ake onse, sindimadziwa kuti amaidziwa.

Andigwira mkono tsopano. Akuti ndisiye kulemba, ndiwauze zimene zili panja, iwo akungoona zoyera ndi zobiriwira. Ndayamba kuti pali mathiraki 31, msilikali mmodzi, mayi wogulitsa nthochi. Ati, "Ayi, aphunzitsi. Mayi wa nthochiyo akumuuza chiyani msilikaliyo?"

Ali patali, sindikumva. Koma mayiyo waika dzanja m'chiuno, ndipo msilikaliyo akuyang'ana pansi.

Iness akubwera. Chipata akukweza. Ndiike pensulo, ndiwauze.